Kodi kosi ya munthu amene anakuphunzitsa umaichotsa bwanji pa silabasi?

MwanaWaMsuku:

Moni nonse muno. Ndikupempha nzeru kwa aliyense amene anakhalapo mu komiti younika silabasi ku koleji kapena ku yunivesite, makamaka mbali ya zachilengedwe.

Ndimaphunzitsa pa dipatimenti ina ya za nkhalango ndi kasamalidwe ka chilengedwe. Dzina la sukulu mundikhululukire, dziko lathuli ndi laling'ono ndipo tonse timadziwana. Digiri yathu ndi ya zaka 4, ndipo semesita iliyonse wophunzira amatenga makosi 6. Chaka chino nthawi younikanso pulogalamu yonse yakwana, ndiye a HOD (mkulu wa dipatimenti) andiika mu komiti. Ndine mlembi, poti ndine wamng'ono pa onse komanso akuti ndimatayipa msanga.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Ana athu amaphunzira GIS (kupanga ndi kuunika mapu pa kompyuta) semesita imodzi yokha, m'chaka chachitatu, ndipo theka la nthawiyo limathera pa bolodi kufotokoza ma projection ndi mbiri ya mapu. Amamaliza digiri asanatsitsepo chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-2 n'kuyeza okha kuti nkhalango ya Dzalanyama yachepa bwanji, chikhalirecho zithunzizo n'zaulere, pulogalamu yopangira mapu ya QGIS nayo ndi yaulere. Za ESIA (kuunika mmene chitukuko chingakhudzire chilengedwe ndi anthu) amangozinunkhiza masabata 3 omaliza mu kosi ya malamulo, ndipo manotsi a kosiyo akadali pa lamulo la 1996, pamene dziko likuyendera Environment Management Act ya 2017 imene inakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Kunjaku nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya migodi: Kasiya ku Lilongwe, Kangankunde ku Balaka, Songwe Hill ku Phalombe. Ntchito zambiri zimene ana athu akufunsira ndi zolemba ndi kuunika malipoti a ESIA, koma amakafika kumeneko osadziwa ngakhale kuti lipotilo limayambira pati.

Ndiye ine ndikufuna makosi awiri atsopano: GIS yachiwiri yokhala ndi remote sensing (kuyeza malo ndi zithunzi za setilaiti), ndi ESIA payokha semesita yathunthu. Malo palibe. A HOD ananeneratu kuti ma credit sangapitirire pamene alili, wofuna kulowetsa kosi atchule imene ituluke. Nditaiwerenga pulogalamu yonse, maso anga anagwera pa makosi 3 odziwa mitengo: Plant Systematics m'chaka chachiwiri, Dendrology yoyamba ndi yachiwiri m'chaka chachitatu. Zambiri zimabwerezana. Banja la zomera la Fabaceae ana amalimva katatu.

Amene amaphunzitsa makosi atatu onsewo ndi bambo mmodzi, ndipo ndi amene anandiphunzitsa ineyo, anayang'anira pulojekiti yanga ya chaka chomaliza, n'kundilemberanso kalata yopitira ku masters. Nawo ali mu komitimo. Pa msonkhano woyamba nditangoyamba kuyala nkhaniyi, iwo anavula magalasi n'kunena kuti "pitirizani mayi, tikumva." A HOD anati nthawi yatha, tipite pa mfundo ina. Kuchokera tsiku limenelo nkhaniyi sinaonekenso pa ajenda.

Kodi mphamvu yeniyeni yosintha silabasi ili ndi ndani, dipatimenti, a Dean (mkulu wa faculty) kapena Senate (komiti yaikulu ya zamaphunziro pa yunivesite)? Ndingalembere a Dean molunjika osaoneka kuti ndalumpha akuluakulu? Nanga a NCHE, bungwe loyang'anira masukulu a ukachenjede, akabwera kudzayendera, sangalamule okha kuti makosi obwerezanawa aphatikizidwe? Zitatero ine ndingapepukidwe kwambiri.

Gogo_wa_Senate:

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza poti ndi losavuta. NCHE musaidikire. Bungwe limenelo linabwera ndi lamulo la 2011 kuti lizilembetsa masukulu a ukachenjede ndi kuvomereza mapulogalamu awo. Akabwera amafuna kuona ngati aphunzitsi ali ndi mapepala oyenera, ngati labu ndi laibulale zilipo, ngati pulogalamu inadutsa m'makomiti onse ndipo maminitsi ake alipo, ngati munakawafunsa olemba anthu ntchito. Akhoza kulemba mu lipoti lawo kuti makosi ena akufanana. Koma kutchula kuti bambo uje asiye kosi yake, ayi, sadzatero. Nkhaniyo idzabwerera pa tebulo lanu lomwelo, itasenza manyazi amene panopa palibe.

Kalata kwa a Dean musalembe. Dean aliyense wodziwa ntchito adzaibweza kwa a HOD ndi mawu awiri pamwamba, ndipo pofika nthawi ya tiyi kolido yonse idzakhala itadziwa.

Pa pepala njira yake mukuidziwa: dipatimenti, kenako bodi ya faculty, kenako komiti ya Senate yoona za makosi, kenako Senate yeniyeniyo, ndipo ngati nkhani ikukhudza ndalama kapena pulogalamu yatsopano imakafika ku Council. Mwa lamulo, mwini wake wa zamaphunziro ndi Senate. Koma ine ndinakhalamo zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira. Chikalata chanu chimafika chili ndi masamba ochuluka, pamodzi ndi zikalata zina za ma faculty onse. Wokhala pafupi nanu ndi katswiri wa zachuma, winayo wa chemistry. Palibe amene angatsutse kuti Dendrology ikhale iwiri kapena imodzi. Amawerenga ma credit ngati akukwana, amaona ma code ngati sakugundana, amafufuza ngati simunawabere kosi yawo. Chimene chatuluka mu dipatimenti anthu atagwirizana, kawirikawiri chimadutsa. Chimene chatuluka anthu akukokana, chimabwezedwa kuti mukagwirizane kaye. Ndiye mphamvu mukuifunayo ili m'kachipinda komwe mumakumanako, pa anthu ochepa omwewo.

Tsopano za bambowo. Inu mukuona makosi 3, iwo akuona maola. Maola ophunzitsa ndi amene amalembedwa pa fomu ya workload, ndiwo amaonetsa kuti munthu akufunika pa dipatimenti. Kumene kuli makalasi a kumapeto kwa sabata kapena a ODL (ophunzirira kutali), kosi ndi ndalama yapadera. Ngati ali pafupi kupuma ndipo akuyembekeza kontirakiti, makosi amene palibe wina angawaphunzitse ndiwo chifukwa chokhacho chowapatsira kontirakitiyo. Pamwamba pa izo pali ulemu. Munthu amene wakhala akusonkhanitsa masamba ndi makungwa moyo wake wonse, mwana wake wa m'kalasi akanena pagulu kuti zimabwerezana, iye amamva zina.

Pitani ku ofesi kwawo nokha, msonkhano usanafike, ndipo musayambe ndi mawu oti kuchotsa. Auzeni kuti mukufuna ana azidziwa kujambula mitundu ya nkhalango pa mapu, koma chithunzi cha setilaiti chimangoonetsa kubiriwira, sichinena kuti apa ndi miombo, apa ndi bulugamu, apa ndi mango a m'mudzi. Wina ayenera kupita ndi ana kukatsimikiza pansi, ndipo winayo ndi iwo. Sikuwanyengerera kumeneku, inu mukudziwa kuti remote sensing yopanda kukayenda pansi ndi yabodza. Pempho lanu likhale loti Dendrology yachiwiri isanduke kosi yoyeza ndi kujambula nkhalango, muziphunzitsa awiri, dzina lawo likhale pamwamba monga woyang'anira kosi. Maola awo angochepa pang'ono, ndipo ku komiti aibweretse ndi iwo eni.

ESIA muifunire malo kwina. Silabasi ili ngati minibasi yodzaza, kuti wina akwere wina atsike, koma inu mwayang'ana wotsika pakati pa abale anu okhaokha pomwe mipando yakutsogolo yakhala alendo. Tsegulani chaka choyamba muwerenge makosi ochokera ku madipatimenti ena. Ndikukayika ngati simupeza Communication Skills iwiri, ndi kosi ya kompyuta yophunzitsa kutsegula Word kwa ana amene akhala pa WhatsApp kuyambira ku sekondale.

Chomaliza, musaderere ulembi wanuwo. Mu maminitsi a msonkhano woyamba lembani zoona zokhazokha: kuti mfundo ya GIS ndi ESIA inayambidwa ndipo inaimitsidwa chifukwa cha nthawi. Maminitsi akavomerezedwa, nkhaniyo imabwera yokha pa zotsalira za msonkhano wapita, popanda kupempha chilolezo kwa aliyense.

EDO_kuChigwa:

Achemwali, ine ndikutsutsani pang'ono, ndipo ndikuyankhula monga EDO, woona zachilengedwe pa boma, amene ndimalandira ana anuwo akabwera pa attachment kuno ku khonsolo.

Mwana wosadziwa QGIS sandidetsa nkhawa kwenikweni. Ndimamukhazika pa laputopu, mabungwe nawo amachititsa timaphunziro tamasabata awiri pafupipafupi, pakutha mwezi akujambula mapu. Amene amandidetsa nkhawa ndi mwana wa digiri ya zankhalango amene timaima naye pansi pa mtengo, ndikumufunsa kuti uwu ndi mtengo wanji, iye n'kutulutsa foni. Zimenezo sizimaphunzirika m'masabata awiri, ndipo palibe bungwe limene limalipira maphunziro ake.

Mukuti ntchito zili ku ESIA, n'zoona. Koma tsegulani lipoti lililonse la ESIA, mupeza mndandanda wa mitengo ndi zomera za pamalopo. Ndaonapo lipoti la chitukuko cha kuno kuchigwa, kotentha kuno, lili ndi mkungudza pa mndandanda, mtengo umene mwachilengedwe umamera pamwamba pa phiri la Mulanje pokha. Wolembayo anangokopera lipoti lina, ndipo linadutsa m'manja mwa anthu angapo ophunzira wina osadabwa. Mukachotsa kudziwa mitengo kuti mulowetse ESIA, mudzatulutsa akatswiri a kasanjidwe ka lipoti amene sangaone bodza lili m'kati mwake.

Kwina ndi kukhoti. Forestry Act ya 1997 itakonzedwanso mu 2020 zilango zinakwera, ndiye ogwidwa ndi matabwa kapena makala ambiri masiku ano amabwera ndi loya. Funso loyamba la loya limakhala lakuti mwadziwa bwanji kuti thabwa ili ndi mlombwa kapena mbawa, osati mtengo wodzala yekha kumunda. Mukumbuke nkhani ya ku Lengwe ya 2016, anthu aja anagwidwa akudula tsanya m'kati mwa paki. Milandu yotere imafuna munthu woima pamaso pa majisitireti n'kunena dzina la mtengo poona thabwa lopanda tsamba. Anthu otere alipo ochepa, ambiri ali ku National Herbarium (kosungira zitsanzo za zomera) ndi ku bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba, ndipo sakubwerera ku unyamata. Bambo anuwo mwina ndi mmodzi wa iwo.

Zobwerezana zichotseni, Fabaceae katatu n'kutaya nthawi. Koma maola a kutchire musawakhudze, kulibwino muwaonjezere.

Pali china chimene inu ndi bambowo nonse simukuphunzitsa. Mwana akabwera kuno ntchito yake yoyamba ndi kukakhala pa bwalo la a gulupu ndi komiti ya m'mudzi yosamalira zachilengedwe (VNRMC) kukambirana za nkhalango ya m'mudzi, kapena kufotokozera komiti ya khonsolo yoona zachilengedwe (DESC) chifukwa chimene dambo lina lisamangidwepo. Amafunika adziwe Customary Land Act ya 2016, adziwe kuti chipukuta misozi chimawerengedwa bwanji, adziwe kuti amayamba kuyankhula ndani pa msonkhano wa mafumu. Namondwe Freddy atadutsa mu March 2023, mapu a malo oopsa sanali ovuta kupeza. Chovuta chinali kupeza munthu wotha kukhala pansi ndi mudzi umene manda a makolo ake ali pamalo oopsawo n'kukambirana za kusamuka. Ngati ESIA yanuyo idzakhale semesita yathunthu, theka lake likhale limeneli.

Ndipo mukadzafika poitana anthu akunja kudzapereka maganizo, musangoitana madailekitala a ku Lilongwe ku hotela ya kunyanja. Iwo samayenda ndi ana anu m'thengo. Tiitaneni ife a m'maboma, ngakhale pa foni.

Tekinishani_waLabu:

Madam, ife ma technician sitivota pa msonkhano wa dipatimenti, kwina satiitana n'komwe, koma kosi mukuifunayo idzagwera pa ife. Ndiye ndifunseko: makompyuta ogwira ntchito muli nawo angati, ndipo kalasi ya chaka chachitatu ili ndi ana angati?

Kumene ndimagwira ine, pa chikalata cha pulogalamu analemba kuti kosi ya GIS ili ndi maola 2 a m'kalasi ndi maola 3 a pulakitiko sabata iliyonse. Senate inavomereza. Koma ana amakhala anayi pa kompyuta imodzi, mmodzi agwira mouse, atatu aonerera. Makinawo ndi a 4 GB RAM, mukatsegula chithunzi chathunthu cha Sentinel-2 amangoima. Chithunzi chimodzi chimayandikira 1 GB, ndiye musaganize kuti mwana atsitsa ndi bandulo ya pa foni yake. Magetsi akazima pakati pa pulakitiko, sabata imeneyo yapita. Mwina mphunzitsi wa GIS yoyamba ija amathera pa bolodi osati chifukwa chokonda choko.

Zotheka zilipo. Zithunzi muzitsitse nokha, muzidule zikhale za dera laling'ono, muziike pa hard drive. Kalasi igawidwe magulu, koma dziwani kuti gulu lililonse ndi maola ena pa timetable ndipo wopanga timetable ayenera kudziwa msanga. Kutchire mafoni a ana omwewo akwanira: mapulogalamu a QField kapena KoboCollect amagwira popanda intaneti, ndipo GPS ya pa foni ndi yokwana pophunzitsira.

Nkhani yaikulu ndi basi ndi mafuta. Bajeti ikachepa, choyamba kudulidwa ndi ulendo wa kutchire, chifukwa palibe amene amachita sitalaka ulendo ukalephereka. Ndiye kosi imene a Gogo akunenayi, yokatsimikiza pansi, ikhoza kukhala yokongola pa pepala n'kumaphunzitsidwa pansi pa mitengo ya pa kampasi. Mu chikalata chanu muli gawo la zipangizo zofunika. Anthu amalidzaza mothamanga kuti "zonse zilipo" poopa kuti komiti ingakane. Inu lembani malita a mafuta, masiku ogona kutchire, makompyuta osowa, ndipo ulendowo muuike mu malikisi a kosi, kuti popanda ulendo magiredi asatuluke. Zikatero a zachuma amaupezera ndalama.

Mukapita ku ofesi ya bambowo muwafunsenso za herbarium yawo. Ngati ili ngati yathu, tizilombo tikudya ma specimen chifukwa fuliza inafa kalekale.

Kalembera:

Ndimagwira ku ofesi yoona za ubwino wa maphunziro pa sukulu ina, zikalata zoterezi zimadutsa pa desiki yanga. Malamulo amasiyana sukulu ndi sukulu, ndiye pemphani buku lanu la kaunikidwe ka silabasi, koma zambiri zimafanana.

Mwasakaniza zinthu za misinkhu yosiyana. Manotsi amene akadali pa lamulo la 1996 safuna Senate. Kukonza zam'kati mwa kosi kuti zigwirizane ndi lamulo latsopano ndi udindo wa mphunzitsi ndi a HOD, zitha kuchitika semesita ino. Kusintha dzina la kosi, code yake, ma credit ake, kapena kuichotsa, zimenezo ndiye zimakwera mpaka ku Senate. Kusintha dzina la digiri kapena kuyambitsa ina kumafikanso ku Council ndi ku NCHE. Musadikire chachikulu kuti mukonze chaching'ono.

Umboni umene makomiti amaulemekeza si maganizo anu. Pangani tebulo: mizere ikhale mitu yonse yophunzitsidwa mu makosi atatu aja sabata ndi sabata, muonetse pamene mutu wabwerezedwa. Muchite chimodzimodzi ndi makosi onse a pulogalamu, kuphatikizapo anu, kuti zisaoneke ngati mwasaka munthu mmodzi. Kenako fufuzani malipoti a ma external examiner (akatswiri ochokera kunja kwa sukulu odzaunika mayeso) a zaka zapitazi. Nthawi zambiri iwo anazinena kale zobwerezanazo, lipoti linangosungidwa. Mawu a mlendo ameneyo amamveka bwino mu komiti kuposa a mlembi. Onjezerani mayankho a omaliza maphunziro anu, ngakhale pa Google Forms kudzera m'magulu awo a WhatsApp. Yerekezaninso ndi anzanu: Faculty of Environmental Sciences ya ku Mzuni, Faculty of Natural Resources ya LUANAR ku Bunda, ndi Ndata School of Climate and Earth Sciences ya MUST ku Thyolo. Funso loti ena akuchita bwanji lidzafunsidwa ndithu.

Chenjerani ndi eni ake a GIS. Ngati pa sukulu panu pali dipatimenti ya geography kapena ya zoyeza malo, adzaimirira ku bodi ya faculty kapena ku Senate n'kunena kuti kosi imeneyo ndi yawo, ana anu azibwera kwa iwo. Nzeru ya a Gogo ikuthandizaninso apa, chifukwa kosi yoyeza ndi kujambula nkhalango palibe angaitenge kuti ndi yake.

Ganizirani amene amalowa ndi dipuloma, monga ochokera ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza. Iwo mitengo amaidziwa kale, ndipo amayambira pakati pa pulogalamu. Mukasuntha makosi a chaka choyamba ndi chachiwiri, lembani kuti iwo adzapeza kuti zimene aphonya.

Ndipo nachi chimene anthu amaiwala. Silabasi yatsopano imayamba ndi ana olowa kumene, amene ali kale m'kati amamaliza ndi yakale. Ngati Senate ivomereza chaka chino ndipo oyamba alowa chaka chamawa, kosi ya chaka chachitatu idzaphunzitsidwa koyamba patadutsa zaka zina 2. Nthawi yonseyo Dendrology yachiwiri ikuphunzitsidwabe, ndiponso obwereza kosi adzafuna mayeso ake. Muwauze bambowo zimenezi, chifukwa mwina akuganiza kuti mukuwalanda kosi semesita ikubwerayi. Inunso zikuuzeni kanthu: ana amene muli nawo m'kalasi panopa silabasi yatsopanoyo sidzawapeza.

Chaka4_Rep:

Madam, ine ndine kalasi repu pa sukulu ina, pulogalamu yofanana ndi yanuyo. Ifeyo amatiitana ku msonkhano wa dipatimenti, timanena za mafani ndi ma projector, zikafika za silabasi amati ophunzira mutha kupita. Mafomu ounika kosi timadzaza semesita iliyonse koma sitinamvepo kuti anasintha kanthu.

Mutatifunsa, sitinganene kuti Dendrology ichoke. Chimene chimatipweteka ndi mayeso ake: kuloweza mayina a Chilatini ambirimbiri usiku umodzi, kulemba, kuiwala. Tsiku limene tinayenda m'nkhalango ndi mdala wina wa m'mudzi, akutchula mayina a Chichewa ndi ntchito ya mtengo uliwonse, aphunzitsi n'kumaonjezera la Chilatini, mitengo ya tsiku limenelo ndimaikumbukirabe. Komanso attachment ndi yaifupi, ukangoyamba kuzolowera ofesi nthawi yatha.

MwanaWaMsuku:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza.

A EDO, pa za mkungudza kuchigwa mwandiseketsa ndi kundiopsa pamodzi, ndipo gawo la mafumu, malo ndi chipukuta misozi ndiliika mu pulani ya ESIA. Koma pa GIS ya masabata awiri sindikuvomerezani. Imeneyo imatulutsa munthu wodziwa kukongoletsa mapu. Mufunseni kuti mapu akewo ndi olondola bwanji, anayeza ndi mfundo zingati za pansi, chifukwa chiyani chithunzi cha February ndi cha October zikupereka nkhalango yosiyana pamalo amodzimodzi pomwe palibe anadula mtengo. Miombo imayoyola masamba m'chilimwe, udzu wa dzinja umabiriwira ngati nkhalango, ndipo mapu olakwika otero ndi amene akukalowa mu malipoti a kaboni ndi a kubzala mitengo. Bodza la pa mapu ndi loopsa chimodzimodzi ndi la pa mndandanda wa mitengo.

A Tekinishani, funso lanu ndalitenga, mawa ndikawerenga makompyuta pamodzi ndi anzanu a kuno ndisanalembe chilichonse. A Kalembera, tebulo ndayamba, ndipo kosi yanga ya Watershed Management nayo ikubwereza mitu 4 ya mu Soil Science, ndiye ilowa momwemo. Kwa a chaka chachinayi amene alipo panopa ndiyesa kupempha masiku a Loweruka angapo a QGIS, opanda giredi.

A Gogo, mwalasa. Chaka choyamba muli Communication Skills iwiri, ndipo yachiwiriyo ili ndi ma credit ofanana ndi amene ESIA ikufuna. Koma ndi ya faculty ina, ndipo a HOD awo ndi munthu wosagonja pa msonkhano. Kumeneko ndiye ndilowera pati, poti sindingapite ndekha ngati kwa bambo aja?

Gogo_wa_Senate:

Kumeneko si kwanu mayi, n'kwa a HOD anu. Mkulu amakambirana ndi mkulu mnzake, inu mungowakonzera pepala limodzi loti anyamule.

Ndipo asakapemphe kuti kosiyo ife. Dipatimenti ya zilankhulo imakhalira makosi otumikira ena omwewo, mukawachotsera amataya maola a anthu angapo nthawi imodzi, ndiye adzamenya nkhondo mpaka ku Senate ndipo ma faculty ena adzawathandiza poopa kuti mawa ndi iwo. Akapemphe kuti Communication Skills yachiwiri ichoke m'chaka choyamba ipite m'chaka chachinayi, isanduke ESIA ndi kalembedwe ka malipoti. Inu muziphunzitsa za chilengedwe ndi malamulo, iwo aziphunzitsa kulemba lipoti ndi kuyendetsa msonkhano wa anthu a m'mudzi, lipoti limodzi lomwelo muzilichonga mbali ziwiri. Maola awo ena atsala, ndipo a EDO apeza mwana wotha kuyankhula pa bwalo. Kumbukirani kuti chaka chachinayi chidzakhala ndi kosi yoonjezera pamene choyamba chatsala ndi mpata, ndiye kosi imodzi yopepuka iyenera kutsika chaka ndi chaka mpaka mpatawo utsekeke. Muonetsetse kuti yotsikayo sidalira ina imene ikadali patsogolo pake.

Mapepala onse afike kwa mamembala sabata yathunthu msonkhano usanachitike. Chikalata chogawidwa pakhomo la msonkhano aliyense ali ndi ufulu wopempha kuti chidikire msonkhano wina, ndipo bodi ya faculty simakumana kawirikawiri.